Zitsekerero zija si juga: zomwe mphunzitsi wa Chingerezi anauza makolo pa msonkhano wa sukulu

Zikomo a mfumu, a komiti, amayi ndi abambo nonse. Kumbuyoko ndikumveka? Ana inu tasunthani, asiyireni agogo mthunziwo.

Chatisonkhanitsa mukuchidziwa. Sabata yatha inamveka mbiri yoti ana a sitandade 7 ndi 8 ayamba juga kuseri kwa kalasi, mpaka kholo lina linawalanda zitsekerero za mabotolo n'kukazitaya kudzala. Kholo limenelo sindikulidzudzula. Koma mukanatembenuza chitsekerero chimodzi, mukanapeza chalembedwa chilembo. Anawa amasewera Scrabble, masewera opanga mawu a Chingerezi, ndipo anawaphunzitsa ndine. Amene anabetcherana ndalama alipo, ochepa, ndipo takhala nawo kale pansi pamodzi ndi makolo awo. Ndalama pamasewerawa ayi. Imeneyo yatha.

Scrabble yogula m'sitolo imakhala ndi timatabwa 100 ta zilembo ndi bolodi ya timabokosi 15 uku, 15 uku. Aliyense amatola zilembo 7 n'kumalumikiza mawu ake ku mawu a mnzake. Anaiyambitsa ndi Alfred Butts wa ku America m'zaka za m'ma 1930, ntchito yake yojambula mapulani a nyumba itamuthera. Munthuyu anakhala pansi kuwerenga zilembo m'nyuzipepala, kuti aone zimene zimabwerabwera. N'chifukwa chake ma E alipo 12 koma aliyense ndi pointi imodzi, pamene Q ndi Z alipo mmodzimmodzi, aliyense mapointi 10. Chosowa ndicho chimadula, ngati tomato nthawi ya dzinja.

Tsono chondidetsa nkhawa ine si juga. Ana ayamba kuloweza mawu osadziwa tanthauzo lake. Tsiku lina mnyamata wina anaika QI, zilembo ziwiri basi, n'kukolola mapointi, anzake kuwomba m'manja. Mawuwo ndi ololedwa ndithu m'masewerawa. Ndiye ndikumufunsa, "QI n'chiyani, mwanawe?" Iye maso tong'o. Makolo, gwirani apa: mwana akaika mawu, anene tanthauzo. Akalephera, mapointi palibe.

Kuli bambo wina wa ku New Zealand, Nigel Richards. Mu 2015 anapambana mpikisano wa dziko lonse wa Scrabble ya Chifalansa, chonsecho Chifalansacho sayankhula. Anangoloweza dikishonale. Ndi mutu umenewo, sindikukana. Koma wanuyo sakusaka chikho, akusaka satifiketi, ndipo mukudziwa nonse kuti ukalephera Chingerezi, MSCE sutenga. A MANEB safunsa kuti mawuwa ali ndi mapointi angati, amafunsa kuti ndimeyi ikutanthauza chiyani.

Chingerezi ndi chinenero chachinyengotu. Tengani mawu akuti bank. Mwana akuti ndi kosunga ndalama, wakhoza. Koma gombe la mtsinje nalonso ndi bank. Bat ndi mleme, bat yemweyo ndi thabwa lomenyera mpira wa cricket. Apa m'pamene pamathandiza timabokosi takuda ndi toyera tija ta m'nyuzipepala, crossword. Yoyamba inatuluka mu 1913 ku New York. Imeneyo sikupatsa zilembo ayi, imakupatsa tanthauzo, iwe upeze mawu okwana m'timabokosimo. Wongoloweza amagwidwa pomwepo. Koma inu tsamba limenelo ndi limene mumathamangira kukulungira mandasi! (kuseka) Muziyamba mwamung'ambira mwana, kenako mukulunge mandasi anuwo.

(Bambo wina: "Aphunzitsi, ena a ife sukulu tinalekezera sitandade 3. Mwana akatinamiza tanthauzolo, tidziwa bwanji?")

Zikomo bambo, mwafunsira anthu ambiri pano. Choyamba, simukufunika Chingerezi. Muuzeni afotokoze m'Chichewa. Mwana wanu mumamudziwa akamanama za chenji cha kuchigayo, nanga pa mawu alekerenji kugwidwa? Wodziwa amayankha mosachedwa, wonama amayamba kukanda m'mutu, amvekere, "ndi chinthu chinachake chonchi." Musamusiye. Muuzeni apange chiganizo ndi mawuwo, kenako achimasulire. Ndiye mawa lake, ali pakati potsuka mbale, mufunseninso mawu omwewo. Bodza la dzulo saalikumbukira. Zikakukayikitsani, alembe m'kope, abwere nalo kwa ine Lachisanu, tikatsegule dikishonale ya ku ofesi limodzi.

Ndipo bambo, musadzichepetse. Si inu amene mumakhala pabawo mpaka dzuwa kulowa, kuwerengera njere m'mutu mnzanu asanasewere? Mphindi zochepa zokha pa nthawi imeneyo mpatseni mwana. Komanso musamati izi n'za azungu. Mu 2015 momwemo, ku Perth m'dziko la Australia, amene anatenga chikho cha dziko lonse cha Scrabble ya Chingerezi anali Wellington Jighere wa ku Nigeria, munthu woyamba wa mu Africa kutero. Anagonjetsa eni chinenero. Koma lamulo lathu lija lisasinthe: waika mawu, anene tanthauzo.

Ndikuona amayi ayamba kuyang'ana dzuwa, ndiye ndithamange. Tolani zitsekerero, mutsuke, mulembe zilembo mkati. A, E, I, O zichuluke, Q, Z, X, J chimodzichimodzi. Bolodi ndi katoni, mujambule ndi rula. Kope limodzi likhale la mawu okhaokha, Chingerezi kumanzere, tanthauzo kumanja. Ayambe ndi mawu aafupi n'kumawatembenuza: eat, tea, ate, zilembo zomwezo, kudya, tiyi, anadya. Kenako aphunzire kuwonjezera mchira kapena mutu, play akhale played, playing, replay. Amene muli ndi mafoni a intaneti, kuli Wordle, mawu a zilembo 5, mwayi woyesa ka 6, kamodzi patsiku, ndiye mwana asakunamizeni kuti ikufunika bandulo ya usiku wonse. Nayonso akapeza mawu, anene tanthauzo. Ndalama ayi, ndanena kale.

A grosale, zitsekerero musamasesere kudzala, tisungireni m'jumbo. Ana adzatenga Lolemba akaweruka. A mfumu, ine ndathera pamenepa, zikomo.