Kuthira konkire pabwalo mumzinda wamvula: ndalama zimathera pati?

Takulandirani. Taganizirani bwalo la kuseri kwa nyumba ku Mzuzu mwezi wa Epulo, pamene madera ambiri akumwera ayamba kale kukolola koma kuno mvula ikadagwabe. Mzindawu uli pamtunda, m'mapiri a Viphya, ndipo mphepo yochokera kunyanja imabweretsa mvumbi ndi mawawa mpaka mu Meyi. Amene amakhala ku Chibavi, ku Chiputula kapena ku Masasa akudziwa mmene matope amalowera m'nyumba ndi mapazi a ana, ndipo n'chifukwa chake ambiri amafuna kuthira konkire pabwalo kuti apeze poyanika zovala, pophikira ndi pokhala alendo. Funso limene limafika kawirikawiri ndi lakuti ntchito imeneyi ingadye ndalama zingati.

Sindikupatsani mtengo wa makwacha, ndipo chifukwa chake n'chodziwika. Ndalama ya kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, inatsitsidwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, moti mtengo wa thumba la simenti umene ndingatchule lero ukhoza kukusocheretsani pakapita miyezi ingapo. Chimene sichisintha ndi kuchuluka kwa zipangizo. Mukadziwa chiwerengero cha matumba ndi mawilibala, mupita nokha ku hadiweya kukafunsa mtengo wa tsikulo ndi kuchulukitsa.

Tiyeni titenge bwalo la mamita 5 m'litali ndi mamita 4 m'lifupi, lomwe ndi masikweya mita 20. Poyenda anthu okha, osati galimoto, konkire wokhuthala masentimita 10 ndi wokwanira, ndipo zimenezi zikutanthauza makyubiki mita 2. Kasakanizidwe kamene amisiri amakatchula kuti 1:2:4, kutanthauza gawo limodzi la simenti, magawo awiri a mchenga ndi anayi a miyala, kamakhala motere mukakaika m'miyeso ya pamalo antchito: thumba limodzi la simenti la makilogalamu 50, wilibala imodzi ya mchenga wa kumtsinje, ndi mawilibala awiri a miyala ya kwale. Pa bwalo lathuli mufunika matumba pafupifupi 13, mawilibala 13 a mchenga ndi mawilibala 26 a kwale. Gulani thumba limodzi kapena awiri oonjezera, popeza nthaka siikhala yosalala ngati tebulo ndipo malo olowa amameza konkire.

Anthu ambiri amaimira pomwepa. Amawerengera simenti, mchenga, kwale ndi ndalama ya mmisiri, n'kunena kuti bajeti yatha. Kumalo kouma mwina akhoza kupulumuka nazo. Ku Mzuzu gawo lalikulu la mtengo lili m'zinthu zimene simudzazionanso ntchito ikatha, ndipo ndikufuna tikhalitse pamenepa.

Yambani ndi madzi. Milimita imodzi ya mvula ikagwa pa sikweya mita imodzi imapanga lita imodzi ya madzi. Mvula ya mamilimita 30, imene ikhoza kugwa masana amodzi, imasiya malita 600 pa bwalo lathu laling'onoli, omwe ndi migolo itatu ya malita 200. Kale madzi amenewa ankalowa pansi pang'onopang'ono, koma mukathira konkire alibenso kolowa ndipo ayenera kupita kwinakwake. Ngati denga la masikweya mita 60 likugwetseranso madzi pabwalo lomwelo, onjezerani malita 1,800. Tsopano dzifunseni kumene madzi onsewa adzalowera: kukhoma la nyumba yanu, kuchimbudzi chokumba, kapena kwa oyandikana nawo a kumunsi, amene adzakhale pakhomo panu m'mawa mwake nkhope itagwa.

Choncho bwalo liyenera kupendekeka kuchokera kunyumba kupita kunja, pafupifupi masentimita 2 pa mita iliyonse. Pa mamita 4 ndiye kuti mbali ya kunja itsike ndi masentimita 8. Diso silingaone kusiyana kumeneku bwinobwino, ndiye mmisiri amene akuti adzangoyeza ndi maso musamulole. Akhome zikhomo, akoke chingwe, ayeze ndi levulo inu mukuona. Pamwamba pa konkire pakhalenso potsika ndi masentimita osachepera 15 kuchokera pa mlingo wa pansi pa m'nyumba, kuti madzi othamanga ndi odumpha asanyowetse khoma. Kuti zimenezi zitheke, nthawi zambiri pamafunika kukumba mozama kuposa mmene munaganizira, ndipo dothi lokumbidwalo limafuna aganyu oti alichotse. Kumapeto kwa bwalo kumafunika ngalande yomangidwa ndi njerwa ndi simenti, yokafika kumene madzi angapite osaononga kanthu. Kutalika kwa ngalandeyo ndiko kumasiyanitsa kwambiri mtengo wa nyumba ziwiri zokhala ndi mabwalo ofanana, chifukwa wina ali pafupi ndi ngalande ya mumsewu pamene wina ayenera kuzungulira nyumba yonse.

Pansi pa konkire ndi pamene pamabisala chinyengo. Dothi lapamwamba lokhala ndi mizu lichotsedwe lonse, kenako paikidwe miyala kapena zidutswa za njerwa zokhuthala masentimita 10 mpaka 15, zomwe pa bwalo lathuli ndi makyubiki mita 2 kapena 3, ndipo zitsenderedwe mwamphamvu. Onani kuti zoika pansizi n'zochuluka mofanana ndi konkire yemwe, mwinanso kuposa. Amene ali pa katondo wapamtunda zimawapepukira. Amene ali pafupi ndi dambo, monga madera otsika oyandikana ndi mtsinje wa Lunyangwa, ali ndi nthaka imene imasunga madzi ndi kufewa, ndipo kumeneko pamafunika miyala yambiri, pulasitiki wakuda woyala pansi, ndi waya wa BRC, wolukana ngati ukonde, woika pakati pa konkire kuti ming'alu ikayamba isatseguke. Ndinaonapo bwalo lina limene mwini wake anasankha mmisiri wotchipa pa atatu amene anamupatsa mitengo. Linali lokongola kwa miyezi inayi. Mvula yoyamba itatha, ngodya imodzi inali itatitimira, mng'alu wolowa chala utadutsa pakati, ndipo madzi ankaima pakhomo la kukhitchini penipeni. Titagogoda ndi mpini wa khasu, pansi pake pankamveka phanga. Kutchipa kuja kunachokera pa miyala imene sinaikidwe.

Za mayendedwe ndingonena mwachidule. Simenti wopangidwa ku Kasungu amadutsa msewu wa M1 kudzera ku Chikangawa asanafike ku Mzuzu, ndipo mafuta a ulendowo ali mumtengo wa thumba. Mchenga ndi kwale zimagulidwa pa lole, choncho funsani ngati loleyo ingafike pakhomo panu. Ikakaima kumsewu chifukwa cha matope kapena chitunda, wilibala iliyonse yokankhidwa kuchokera kumeneko ndi ndalama ina.

Nthawi yogwirira ntchito nayo ili ndi mtengo wake. Mvula ikagwa pa konkire asanagwire, imakokolola simenti wapamwamba n'kusiya mchenga umene udzayamba kufumbutuka mukamasesa. Thumba la simenti likakhala pachinyezi limachita mibulu, ndipo la mibulu yolimba ndi lotayika. Mchenga wonyowa umabwera ndi madzi ake, kotero mmisiri akathira madzi monga mwa masiku onse konkire amakhala wamadzimadzi ndi wofooka. Thumba limodzi limafuna madzi pafupifupi malita 25 okha, kuphatikizapo amene ali kale mumchengamo. Ngati mukuumirira kugwira ntchito nthawi yamvula, ikani m'bajeti tenti kapena pulasitiki wophimbira, komanso masiku amene antchito adzabwera n'kubwerera osagwira kanthu. Ine ndimalangiza Seputembala kapena kumayambiriro kwa Okutobala. Vuto la miyezi imeneyo ndi dzuwa, chifukwa konkire salimba pouma koma pokhala ndi chinyezi, ndipo amafunika kuthiriridwa m'mawa ndi madzulo kwa masiku osachepera 7. Mphamvu zake zenizeni amazifika pakatha masiku 28. Bilu ya madzi ya mwezi umenewo idzakwera, ndipo ndi bwino kuiwerengeratu.

Pamwamba pake musalole kuti pasalazidwe ngati m'chipinda chochezera. Bwalo losalala la polishi wofiira limaoneka bwino pa chithunzi, koma kumalo a mawawa limamera ndere, ndipo agogo akaterereka pamenepo ndalama za kuchipatala ziposa zonse zimene takambiranazi. Mmisiri asalaze ndi thabwa, kenako akokepo tsache lolimba kuti pakhale timizere toloza kumene madzi akutsikira. Adulenso mizere yogawa bwalo pa mamita awiri ndi theka kapena atatu alionse, kuti konkire akamafota ang'ambikire m'mizeremo.

Mukamakambirana ndi mmisiri, mupempheni alembe papepala zinthu padera padera: kukumba ndi kuchotsa dothi, miyala ya pansi ndi kutsendera, pulasitiki ndi waya, matabwa a m'mbali ndi misomali, konkire, ngalande ndi kutalika kwake, ndiponso amene adzathirire madzi sabata yoyamba. Mugwirizane kuti gawo lomaliza la malipiro lidzaperekedwa mutayesa bwalolo. Kuyesako n'kosavuta: tengani ndowa yodzaza, muikhuthule pafupi ndi khoma la nyumba, muone ngati madzi onse akuthamangira kungalande popanda kutsalira pena paliponse.