Akuchotserani vidiyo pa YouTube: musanadine batani lodandaulira, mverani izi

[Wolankhula wakhala patebulo, foni ili m'manja]

Moni nonse, mwaswera bwanji? Tiyerekeze kuti usiku wathawu timu yanu yagoletsa chigoli chokoma mu Premier League. Mwadula kachidutswa ka masekondi 20, mwakaponya pa tchanelo chanu, pansi n'kulemba kuti "vidiyoyi si yanga, ulemu upite kwa eni ake." Kutacha mukutsegula foni, uthenga uli pompo: vidiyo yachotsedwa, tchanelo chapatsidwa strike, kutanthauza chenjezo loti mwagwiritsa ntchito chinthu cha eni popanda chilolezo. Mtima wakwera, chala chafika kale pa batani lodandaulira. Chibwezeni kaye chalacho, chifukwa batani limenelo si lamasewera.

Yambani mwaonetsetsa kuti chakugwerani n'chiyani, claim kapena strike. Anthu ambiri amazisokoneza.

[Pa sikirini: mawu awiri, claim ndi strike]

Claim, yomwe ndi chidziwitso choti m'vidiyo yanu muli chinthu cha mwini wina, nthawi zambiri imachokera kwa makina. Kuyambira 2007, YouTube ili ndi njira yotchedwa Content ID. Eni mafilimu, nyimbo ndi masewera amapereka makope a zinthu zawo, ndiye kompyuta imafananiza vidiyo iliyonse yatsopano ndi makopewo. Ikapeza zofanana, mwini wake amasankha kuitseka, kuisiya koma ndalama za otsatsa malonda zizipita kwa iye, kapena kungoyang'anira mmene anthu akuionerera. Zimawawa, koma tchanelo chanu sichinavulale. Mukatsutsa claim, mwiniyo amakhala ndi masiku 30 oti ayankhe, ndipo akapanda kuyankha claim imatha yokha. Akakana, mutha kuchita apilo, iye n'kupatsidwa masiku 7. Apa mpofunika kusamala, chifukwa pa siteji imeneyi akhoza kusankha kutumiza kalata yalamulo yochotsera vidiyoyo, ndipo zikatero claim ija yabala strike.

Strike ndiye chilonda chenicheni. Yoyamba imatha pakapita masiku 90, bola mwamaliza kaphunziro kawo kotchedwa Copyright School. Zikakwana zitatu mkati mwa masiku 90, tchanelo chimatsekedwa, mavidiyo onse amapita, ndipo saloleza kuti mutsegule china. Kufufuta vidiyo yolakwayo sikuchotsa strike, musadzivutitse.

Nanga bwanji amachotsa asanakufunseni n'komwe? Yankho lili m'lamulo la ku America la 1998, DMCA, gawo 512. Lamuloli limati kampani ngati YouTube sizengedwa mlandu pa zimene anthu aika, malinga ikuchotsa msanga mwini wake akadandaula. Choncho YouTube siweruza kuti wolakwa ndani, imangodziteteza. Kaya muli ku Mzuzu, ku Chipata kapena ku Johannesburg, njira yomwe mudzatsate ndi imeneyi. Ku Malawi kuli lamulo lathu la Copyright Act la 2016 komanso bungwe la COSOMA loteteza ufulu wa eni nyimbo ndi zolemba, koma batani lomwe mukufuna kudinalo limayendera lamulo la ku America.

[Pa sikirini: fomu ya counter notification]

Fomu iyi ndi counter notification, yomwe mumalemba mukadina batani lija potsutsa kuchotsedwa kwa vidiyo yanu. Tiyeni tiiyang'ane pafupi. Mulembapo dzina lanu lenileni, adiresi ya komwe mukukhala ndi nambala ya foni. Mulumbira kuti mukukhulupirira ndi mtima wonse kuti vidiyo yachotsedwa molakwika, ndipo kunama apa ndi mlandu pawokha. Muvomerezanso kuti khoti la ku America likhoza kuweruza nkhaniyi. Zonsezi, kuphatikizapo adiresi yanu, zimatumizidwa kwa yemwe anakudandaulirani uja. Iye amakhala ndi masiku 10 ogwira ntchito oti asonyeze kuti wakasuma. Akapanda kutero, vidiyo imabwerera ndipo strike imachoka. Mwachidule, mukumuuza kuti, "Ngati ukuona kuti ndakubera, tikaonane kukhoti."

Ndiye funso n'lakuti, mlandu muli nawo wopambana? Pali mabodza awiri omwe afala kwambiri pakati pathu. Lina limati masekondi osakwana 30 n'ngololedwa. Lamulo lotero kulibe. Lina limati ukatchula mwini wake wathana nazo. Ayi ndithu. Mukatenga njinga ya mnzanu osapempha, n'kumauza aliyense pamsewu kuti njingayi ndi ya uje, chilolezo simunapatsidwebe.

Chomwe chilipo ndi fair use, gawo 107 la lamulo la ku America la 1976, lomwe nthawi zina limalola kugwiritsa ntchito chinthu cha wina osapempha chilolezo. Khoti limayang'ana cholinga chanu, mtundu wa chinthu chomwe mwatenga, kuchuluka kwake, komanso ngati mukuonongera mwini wake msika. Mukaimitsa chithunzi, n'kujambula mivi, n'kumafotokoza mmene otchinga kumbuyo anasiyira mpata, mwaonjezerapo nzeru zanu ndipo muli ndi poyambira. Koma chigoli chokhachokha, chopanda mawu anu, ndiye katundu weniweni yemwe makampani ngati SuperSport amalipira ndalama zankhaninkhani kuti azionetsa. Pamenepo fair use sikuthandizani.

Izi sizikutanthauza kuti eni ake salakwa. Amalakwa, ndipo nkhani ya mayi wina wa ku Pennsylvania, Stephanie Lenz, imandikhudza nthawi zonse. Mu 2007 mayiyu anaika pa YouTube vidiyo ya masekondi 29: kamwana kake kakudumphadumpha m'khitchini, nyimbo ya woimba wotchedwa Prince ikumveka chapatali, mawu ake osamveka bwino n'komwe. Palibe munthu akanasiya kugula nyimboyo chifukwa choonera kamwanako. Komabe kampani yoyang'anira nyimboyo, Universal Music, inatumiza kalata, vidiyo n'kuchotsedwa. Mayiyu anatumiza counter notification, ndipo vidiyo inabwerera patatha pafupifupi masabata asanu ndi limodzi. Sanalekere pomwepo. Mothandizidwa ndi bungwe la Electronic Frontier Foundation, anasumira Universal. Mu 2015 khoti la apilo la Ninth Circuit linagamula kuti mwini wake ayenera kuganizira kaye za fair use asanatumize kalata yochotsa vidiyo. Mlanduwo unadzatha mu 2018 mbali ziwirizo zitagwirizana.

Zaka 11, abale anga, chifukwa cha masekondi 29! Ndipo chigamulocho chinasiya mpata waukulu, poti mwini wake akungofunika kusonyeza kuti iyeyo anakhulupirira moona mtima kuti walakwiridwa, ngakhale zitakhala kuti anaona molakwika. Ine ndimaona kuti sikelo imeneyi yapendekera kwa a ndalama. Kutumiza kalata yochotsa n'kosavuta, pomwe wodziteteza ayenera kupereka dzina, adiresi ndi mtendere wake wamumtima.

[Kamera ibwerere pa foni]

Tibwerere ku chigoli chanu chija. Ngati vidiyoyo munajambula nokha, kapena muli ndi chilolezo cholembedwa, kapena mwaikamo ndemanga zanu zenizeni, tumizani counter notification, ndipo umboni wanu wonse muusunge pabwino. Ngati munangodula n'kuponya, musalumbire zabodza. Mu YouTube Studio, tsamba loyendetsera tchanelo chanu, muona dzina la yemwe anadandaula. Mulembereni mwaulemu, vomerani kuti munalakwitsa, mupempheni abweze dandaulo lake, chifukwa akabweza strike imachoka. Akakana, malizani Copyright School, dikirani masiku 90, ndipo panthawiyi pitani m'mavidiyo anu akale mukachotse zigoli zina zonse strike yachiwiri isanakupezeni.