Nyimbo yafika patali, nanga ndalama yake yatsalira kuti?

Zikomo a mfumu, zikomo amayi ndi abambo. Achinyamata mwakhala kumbuyoko, tasenderani kuno, nkhaniyi ikukhudza inuyo kwambiri. A kwaya nawonso mutchere khutu, musaganize kuti ndikunena za oimba zachikunja okha.

Akuluakulu mukukumbukira mmene nyimbo inkafikira m'makutu mwathu kale. Wailesi inali imodzi yokha, ya MBC, ndipo woimba akafuna kumveka ankayenera kudzera pakhomo limenelo. Ndale za zipani zambiri zitabwera mu 1994, zinthu zinamasuka. Ku Balaka a Paul Banda anali ndi situdiyo yawo, mng'ono wawo malemu Lucius Banda anatchuka dziko lonse, ndipo makaseti ankagulitsidwa m'misika monse. Woimba akamaliza kujambula ankanyamula nyimbo zake kupita nazo kwa O.G. Issa ku Limbe, kumene ankazichulukitsa n'kuzigulitsa. Oimba ankadandaula kuti ndalama yake inali yochepa, zimenezo n'zoona. Koma kaseti inali chinthu chogwirika. Munthu ankatha kufunsa kuti zapangidwa zingati, zagulidwa zingati.

Lero mnyamata wa pamudzi pano safunikanso basi yopita ku Blantyre. Pulodyusa ali ndi laputopu, maikolofoni imodzi ndi kachipinda komwe wakhoma matiresi m'makoma kuti mawu asamabwerere. Mu laputopumo muli pulogalamu ngati FL Studio, momwe muli ng'oma, gitala, besi, malipenga, zonse. Woimba akaphonya mawu, pali china chotchedwa Auto-Tune, chimene chinatuluka mu 1997, chimawongola mawuwo mpaka munthu wosatha kuimba n'kumamveka ngati katswiri. Inde amayi, mukuseka, koma ndi mmene zilili. Ubwino wake ulipo, sindikukana: mwana wa mlimi akujambula nyimbo ndi ndalama yogulitsa mbuzi imodzi. Chimene chimandidandaulitsa ine n'chakuti nyimbo zambiri zayamba kufanana, chifukwa onse akutunga ng'oma zawo pamalo amodzi. Taonani a Madalitso Band, anyamata awiri amene ankaimba m'misewu ya ku Lilongwe ndi babatoni, besi ya chingwe chimodzi yopanga okha. Afika mpaka ku Ulaya, ndipo chowafikitsa kumeneko ndi kamvekedwe kamene pulogalamu ilibe.

Kufalitsa ndiye kwasinthiratu. Tinayamba ndi ma CD, kenako anyamata a pa burning centre aja, mumawapatsa memole khadi n'kukudzazirani nyimbo mazanamazana ndi ndalama yosakwana mtengo wa kaseti imodzi. Kenako Bluetooth, kenako WhatsApp. Nyimbo yojambulidwa m'mawa ku Mchinji, madzulo wachibale wathu ali ku Johannesburg akuivina. Palibe amene wapempha chilolezo, palibenso amene walipira.

Nkhani ya agogo Giddes Chalamanda a ku Chiradzulu mukuidziwa. Anaimba kwa zaka zambirimbiri ndi gitala yawo. Mu 2020 Patience Namadingo anajambula nawo nyimbo zawo zakale, ndipo imodzi mwa izo, Linny Hoo, inafalikira pa TikTok moti anthu mamiliyoni a m'mayiko osadziwa n'komwe Chichewa anaimvera ndi kuivina. Mbiri inapita kutali zedi. Koma atolankhani akunja atapita kwawo anakapeza nkhalamba yokhala moyo wa kumudzi ngati wathuwu. Thandizo lenileni linabwera pamene anthu anachita kusonkha dala. Kuchuluka kwa oonera pakokha sikuika ufa m'nyumba.

N'chifukwa chiyani zili choncho? Apa ndiye ndichedwepo. Pa WhatsApp nyimbo siwerengedwa, choncho sibala kanthu. Malo amene amawerenga ndi monga YouTube, Boomplay ndi Spotify, imene inayamba kupezeka kuno mu 2021. Koma amenewa salipira woimba chifukwa choti waimba bwino ayi. Amalipira amene dzina lake lalembedwa kuti ndiye mwini nyimboyo, komanso amene akaunti ndi yake. Ndipo ali ndi malire awo. Pa YouTube, kuti muyambe kulandira gawo la ndalama za otsatsa malonda, lamulo lawo lodziwika limafuna anthu 1,000 okutsatirani ndi maola 4,000 oonera pa chaka. Spotify kuyambira mu 2024 silipira kalikonse pa nyimbo imene sinamveredwe ka 1,000 m'miyezi 12. Ngakhale mupyole pamenepo, ndalama ya kumvera kumodzi ndi kachidutswa ka senti ya ku America. Ndiye mnyamata akakuuzani kuti nyimbo yake ili pa intaneti, mufunseni kuti anaiikapo ndani, pa dzina la ndani. Kawirikawiri yankho limakhala lakuti, "Anandiikira mnzanga wina wa m'tauni." Zikatero zili ngati kulima m'munda wobwereka popanda mboni: chaka chimene mbewu zachita bwino mwini munda amatulukira.

Tsono boma silinagone pa nkhaniyi. Tili ndi bungwe la COSOMA, lomwe linakhazikitsidwa mu 1992 kuti liziteteza ntchito za oimba, olemba ndi aluso ena. Ndilo limatolera ndalama ku mawailesi ndi malo ena oimbitsa nyimbo n'kugawira eni ake. Lamulo latsopano la za umwini wa luso la mu 2016 linatsegulanso njira ina: pa zipangizo zosungiramo nyimbo, monga mafoni ndi ma flash, pamakhala kamsonkho, ndipo ndalama yake imapita kwa aluso. Ndiye kuti foni muli nayo m'thumbayo inaperekapo kale kenakake. Koma COSOMA singagawire munthu amene sikumudziwa. Nyimbo imene simunailembetse, ngakhale ikulira pa ukwati uliwonse, gawo lanu silikupezani.

Palinso nkhani ya pulodyusa, imene imadanitsa anthu ambiri. Mwamulipira kuti akujambuleni, chabwino. Nanga biti, zing'wenyeng'wenye zimene mwaimbirapo zija, ndi ya ndani? Mwaigula yonse, kapena angathe kuigulitsanso kwa wina mawa? Mawu analemba ndani? Amene anaimba vesi yachiwiri alandira zingati? Muzikambirana zimenezi nyimbo isanatuluke, mulembe papepala, aliyense asayine, pakhale mboni. Musachite manyazi poti ndi mnzanu wa mpingo umodzi. Nyimbo ikangotchuka, aliyense amakumbukira mosiyana.

Ndipo mukatuluka mu situdiyo musatenge kanyimbo ka MP3 kokha. Pemphani fayilo yaikulu ya WAV, muisunge malo awiri, chifukwa laputopu ya pulodyusa imafa kapena kubedwa, nyimbo n'kupita nayo limodzi.

A kwaya, inu vuto lanu ndi lina. Mumasonkha ndalama, mumajambula vidiyo yokongola kunyanja, kenako mnyamata mmodzi wodziwa za foni amaiika pa YouTube ndi imelo yake. Chaka chamawa wapita ku Joni, kapena mwayambana, pasiwedi wapita nayo. Tsegulani akaunti m'dzina la kwaya, pasiwedi ikhale ndi anthu atatu a komiti, ndipo nambala yolandirira ndalama ya Airtel Money kapena TNM Mpamba ilembedwe m'buku la msungichuma.

Ndaona dzanja kumbuyoko. Inde achimwene, imirirani kuti tonse tikumveni.