Kachilombo kodula mabuleki a selo: za khansa ya mkamwa ndi pakhosi

A Gulupu, mafumu, amayi, abambo ndi achinyamata mwakhala kumbuyoko, zikomo pobwera dzuwa likuswa mtengo chonchi. Ambirife tikamva za kachilombo ka HPV timaganiza za khansa ya khomo la chiberekero basi, nkhani ya amayi eti, koma kachilombo komweko kamayambitsanso khansa ya pakhosi ndipo abambo ndi amene imawagwira kwambiri, ndiye abambo musayang'ane kumbali.

Thupi lathuli linapangidwa ndi tizigawo tosaoneka ndi maso totchedwa maselo, ndipo mkati mwa selo iliyonse muli malangizo otchedwa majini (osati mizimu ayi), amene amaiuza kuti pano gawikana, pano siya, pano wawonongeka ufe. Mukadzitema ndi khasu maselo amachulukana mpaka bala litseke kenako amasiya okha. Amawasiyitsa ndani? Pali mapuloteni awiri, tinthu togwira ntchito mkati mwa selo, p53 ndi Rb. Ganizirani wanjinga akutsetsereka msewu wokhotakhota uja wochokera ku Blantyre kulowera pa Thabwa, ali ndi buleki yakutsogolo ndi yakumbuyo, ndiye awiriwa ndi mabuleki a selo.

HPV ilipo mitundu yambiri koma wovuta pakhosi ndi nambala 16. Kamakonda kubisala m'matonsilo, timinofu tiwiri ta m'mbali mwa pakhosi, ndi kutsinde kwa lilime, ndipo ndinene mosapsatira ngakhale pali apongozi pano, kamafika kumeneko makamaka pogonana mogwiritsa ntchito pakamwa. Kakalowa mu selo kamapanga mapuloteni ake awiri, E6 ndi E7. E6 amagwira p53 nkumupereka kuti aphwanyidwe, E7 amamanga Rb kuti asagwire ntchito, mabuleki onse awiri adulidwa. Kachilomboka sikuti kali ndi cholinga chopha munthu ayi, kamangofuna selo izigawikanabe kuti nakonso kachulukane, koma selo yosaima imeneyo zolakwika zimaunjikana mkati mwake chaka ndi chaka, zaka 10 kapena kupitirira, mpaka chotupa. Musachite mantha kwambiri, anthu ambiri chitetezo cha mthupi chimakachotsa chokha pasanathe zaka ziwiri. Vuto ndi pamene kakhalitsa, makamaka chitetezo chikafooka, nchifukwa chake anzathu amene muli pa ma ARV musamadumphitse mankhwala.

Apa mumvetsetse chifukwa ndi pamene pagona nkhani. Chingambwe, fodya woika mkamwa uja agogo athu amakonda, ndi kachasu, zimabweretsanso khansa ya mkamwa ndi pakhosi koma njira yake ndi ina, fodya amawononga jini yeniyeni yopangira p53. HPV nthawi zambiri jiniyo imaisiya ili bwinobwino, imangolepheretsa kuti malangizo ake agwire ntchito. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene khansa ya pakhosi yobwera ndi HPV imamva mankhwala bwino kuposa ya fodya. Koma ukamasutanso mwayi umenewo umachepa.

Palinso kachilombo kena, EBV, kamayenda m'malovu ndipo pafupifupi tonsefe tinakatenga tili ana osadziwa. Dokotala wina, Denis Burkitt, analemba mu 1958 za ana a ku Uganda otupa nsagwada, ndipo mu 1964 Anthony Epstein ndi anzake anapeza kachilomboka m'maselo a chotupa cha mtundu womwewo. Khansa imeneyi imakonda malo a malungo ambiri, ndiye ife a m'mbali mwa Shire ndi ku Dambo la Njovu ikutikhudza. Mwana akamadwala malungo pafupipafupi chitetezo chimalephera kuletsa EBV, maselo oyera a magazi amachulukana mopyola, ndipo jini ina yotchedwa MYC imasunthira pamalo olakwika nkumangolamula kuti gawikana gawikana. Mudzaona tsaya la mwana likukula m'masabata ochepa, mano kugwedera, diso kutuluka. Si ufiti amayi, musatemere mphini, thamangani naye chifukwa khansa imeneyi imamva mankhwala ikapezeka msanga. Neti yogona ija ikuteteza zambiri kuposa mmene timaganizira. Kwa akuluakulu EBV imatha kuyambitsa khansa kuseri kwa mphuno, kumeneko imachititsa selo kumata timazizindikiro pa majini oteteza kuti asawerengedwenso, munthu amatseka mphuno imodzi, kamfuno pafupipafupi, khutu limodzi kusamva.

Chimandipweteka mtima ndi choti khansa zimenezi poyamba sizipweteka, munthu amangokhala nazo akulima thonje, akupita kudimba, kubwera kuchipatala akulephera kale kumeza phala. Mwanabere wa mkhosi wolimba wosapweteka, chilonda cha mkamwa chosapola, mawu kusasa, kumva ngati chakudya chikukakamira, chilichonse mwa izi chikadutsa masabata atatu pitani ku health centre, akakutumizani ku chipatala cha boma ku Chikwawa kapena ku Nsanje pitani, akati ku Queens ku Blantyre achibale sonkhani ya thiransipoti.

Katemera wa HPV boma linayamba kupereka m'dziko lonse mu 2019 kwa atsikana a zaka 9, ndi waulere, amateteza ku nambala 16 ndi 18, ndipo sawumitsa mwana aliyense monga ena amanenera kumjigo. Amene muli ndi atsikana sanabayitse mutsale pang'ono tikamaliza, alangizi a zaumoyo ali apa alemba mayina. Tsopano mafunso, tiyambe ndi amayi mwakweza dzanja apo.