Momwe amajambulira umboni wa Ayuda opulumuka ku Holocaust

[Pa sikirini: mpando m'chipinda chochezera, kamera patsogolo pake]

Pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, a Nazi, omwe ankalamulira Germany, anapha Ayuda pafupifupi 6 miliyoni; kuphedwa kumeneku ndi komwe kumatchedwa Holocaust. Ambiri mwa opulumuka sankafuna kukamba zomwe anaona, koma ana awo ankaziona ndithu: mayi kubisa buledi, bambo kukuwa kutulo, mwana kupatsidwa dzina la azakhali omwe anaphedwa iye asanabadwe. Mu 1966, dokotala wa matenda a maganizo Vivian Rakoff wa ku Montreal, ku Canada, analemba za ana oterewa, omwe ankavutika ndi nkhondo yomwe sanaione.

Pachikhalidwe cha Ayuda, kufotokozera mwana ndi lamulo. Eksodo 13:8 imatero, ndipo chaka chilichonse pa chakudya cha Paskha mwana wamng'ono ndi amene amafunsa mafunso.

[Pa sikirini: 1994]

Chaka chimenechi wopanga mafilimu Steven Spielberg anakhazikitsa bungwe la Shoah Foundation, lomwe linajambula umboni wa anthu pafupifupi 52,000 m'mayiko 56, m'zinenero 32. Kamera isanabwere, wofunsa ankayamba wakumana ndi wopulumukayo n'kulemba mayina a abale, malo ndi zaka. Kujambula kunkachitikira kunyumba kwake, m'chinenero chomwe wasankha, nthawi zambiri kwa maola awiri kapena kuposerapo.

Nthawi ankaigawa chonchi: pa magawo 5, limodzi la moyo nkhondo isanayambe, atatu a nkhondo, limodzi la pambuyo pake. Gawo loyambalo musalipeputse. Woonera akamva za sukulu, za makandulo omwe mayi ankayatsa Lachisanu madzulo, za mlongo wake wovuta uja, amayamba wamudziwa munthuyo asanamve za imfa. Wofunsa wothamangira ku Auschwitz, msasa womwe a Nazi ankapherako anthu, amangotolera zoopsa zokhazokha, ndipo woonera amatopa n'kutseka.

Wopulumuka akakhala chete, mudikireni. Ofunsa osazolowera amaponya funso lina, mawu omwe amabwera aja n'kubwerera.

Nanga akalakwitsa? Dori Laub, mmodzi mwa oyambitsa ntchito yotere ku New Haven, ku America, mu 1979, anafotokoza za mayi yemwe anati pa kuukira kwa akaidi ku Auschwitz mu Okutobala 1944 anaona machumuni anayi akuphulika. Akatswiri a mbiri anati linali limodzi. Laub anayankha kuti mayiyo ankachitira umboni chinthu china: kuti akaidi anaukira pamalo pomwe palibe ankaganiza kuti n'zotheka. Manambala mudzawatsimikiza m'mabuku, osamudula mawu pa kamera.

Pomaliza, ana ndi zidzukulu amaitanidwa kudzakhala ndi wopulumukayo, kenako zithunzi zakale zimajambulidwa chimodzichimodzi, iye akutchula dzina la aliyense.