UPS yanu ingagwire mphindi zingati magetsi akathima? Tiyese batire

[Patebulo pali UPS, babu, multimeter ndi foni]

Moni nonse, takulandiraninso. Lero tikamba za kabokosi kaja kamakhala pansi pa tebulo mu ofesi kapena pashopu yopulinta, kamene ambiri timakakumbukira tsiku loti magetsi athima kompyuta nkuthimira limodzi, ntchito yonse osaseva. UPS, kabokosi kokhala ndi batire komwe kamapatsa kompyuta magetsi kwa kanthawi magetsi akathima. Mukaona kalayiti kobiriwira kakuyaka mumati zonse zili bho, koma kalayitiko kakungokuuzani kuti pakhoma magetsi alipo basi, za mphamvu yomwe yatsala mu batire musakadalire.

Ma UPS ang'onoang'ono ambiri, ngati awa a 650VA (VA ndi muyeso wa kukula kwa mphamvu ya UPS) a kampani ya APC kapena Mecer, mkati mwake muli batire imodzi ya 12V 7Ah, ya mtovu ndi asidi koma yomata, yosathira madzi. Opanga amati imakhala zaka 3 mpaka 5. Koma zakazo amawerengera pamalo otentha madigiri 25, kutentha kukakwera ndi madigiri ngati 10 moyo wa batire umadulidwa pakati, ndiye taganizani UPS ili ku Nsanje kapena ku Chikwawa mu Okutobala, yapanikizidwa kuseli kwa kabati kopanda ndi mpweya womwe. Onjezaninso kuthimathima kwa magetsi, chifukwa batire ya mtovu imadana ndi kukamidwa mpaka kuuma, ulendo uliwonse ikatheratu imabwerera yofookerapo. Mukukumbuka 2022 namondwe Ana ataononga Kapichira, magetsi ankathima maola ambirimbiri tsiku ndi tsiku, UPS yomwe inadutsa m'nyengo ngati imeneyo zaka 5 musaziyembekezere.

[Multimeter pa mawaya a batire]

Onani apa. Batire iyi ndi yakale, koma multimeter, kachipangizo koyezera magetsi aka, ikuti mavoti 12.8. Munthu angati ndi yabwinobwino. Ayi ndithu, batire yakufa imatha kuonetsa mavoti abwino ikakhala isakusenza kanthu. Tsopano ndayipatsa katundu, kutanthauza chinthu chokoka magetsi, yang'anitsitsani manambala, 12.1, 11.4, 10.6, ndipo imeneyo UPS yalira nkuthima, mphindi imodzi sinakwane. Ngakhale self-test yomwe UPS imadzipanga yokha mukayiyatsa imangotenga masekondi ochepa, imagwira batire yomwe yaferatu, yodwala imaidutsitsa.

Ndiye kuyesa kwenikweni ndi kwa katundu ndi wotchi. Siyani UPS pamagetsi usiku wonse itchajike mokwanira. Mawa lake chotsani kompyuta, musayesere pa kompyuta yomwe ili ndi mafayilo a makasitomala chonde, lumikizani chinthu chomwe mukudziwa mawati ake, babu yakale ija yotentha ya 60W kapena 100W ndiye yabwino kwambiri chifukwa imakoka mofanana kuyambira poyamba mpaka pomaliza, za LED zimadya pang'ono kwambiri mungadikire mpaka kugona. Kenako thimitsani pa switchi ya soketi, osazula pulagi, chifukwa mukazula mwachotsanso earth, waya wachitetezo uja, pomwe switchi imasiya earth ili yolumikizika. Yambitsani wotchi ya pafoni, dikirani mpaka UPS iyambe kulira motsatizana kuti batire yatsala pang'ono, imitsani wotchi, yatsani soketi. Palibe chifukwa choti muikame mpaka ithime yokha.

Mphindi zomwe mwapezazo lembani pa kapepala ndi deti, matani pa UPS pomwepo. Nambala imodzi payokha sikuuzani zambiri, koma mukabwereza pakatha miyezi 6 ndi babu yomweyo muona nokha kutsika kwake. Akatswiri amati batire ikatsika kufika pa 80 peresenti ya mphamvu yake yoyamba ndiye yakalamba, ine kunyumba kapena pashopu ndimati ikafika theka la nthawi yomwe inkagwira ili yatsopano, yambani kusunga ndalama. Koma musamayese sabata iliyonse, kuyesako nakonso kumaidya.

Wina afunsa kuti 12V kuchulukitsa ndi 7Ah si 84Wh, ndiye babu ya 100W iyake pafupifupi ola? Sizitheka. 7Ah imeneyo amaiyeza pokoka pang'onopang'ono kwa maola 20, mukaikoka mwamphamvu imapereka zochepa, ina imatayikanso posintha 12V kupita ku 230V. Komanso 650VA si 650W, nthawi zambiri ndi mawati osafika 400, werengani kumbuyo kwa bokosi. Pulinta ya laser, ketulo, ayironi, zimenezo pa UPS ayi.

[Akutsegula chivundikiro cha batire]

Kusintha sikovuta. Thimitsani UPS, zulani pulagi, vulani mphete ndi wotchi yachitsulo chifukwa chitsulo chikagunda mbali zonse ziwiri za batire chimatentha moti chikhoza kukuwotchani chala. Jambulani ndi foni musanachotse waya uliwonse. Wofiira pa plus, wakuda pa minus. Bolodi yamkatiyo musaigwiregwire, tizipangizo take totchedwa ma capacitor timasunga magetsi ngakhale mwazula. Polumikiza yatsopano kumatha kuthetheka pang'ono, musadabwe. Mukapeza yakaleyo yatupa m'mbali, yang'ambika kapena ikudontha, musaiyesenso nkomwe, valani magolovesi muichotse.

Pogula ndi pomwe anthu amapwetekera. Tengani yakaleyo kushopu, chifukwa timapini take timasiyana, pali F1 ta 4.8mm ndi F2 ta 6.3mm, mukasemphanitsa waya umangogwedera nkumatentha. Ya 9Ah imakula mofanana ndi ya 7Ah ndiye nthawi zambiri imalowa bwino. Funsani deti yomwe inapangidwa, batire yomwe yakhala pashelefu chaka chonse osatchajidwa ndi yokalamba kale ngakhale ili mu pepala lake, muwauze ayike multimeter pomwepo, ikakhala pansi pa 12.4 isiyeni. Inyamuleninso m'manja, yopepuka modabwitsa poyerekeza ndi yakale ndiye kuti anaumira mtovu. UPS ya mabatire awiri sinthani onse limodzi, mukasakaniza yakale imapha yatsopano. Za batire ya galimoto zija anthu amalumikiza panja musachite, chifukwa tchaja cha UPS yaying'ono sichinapangidwire batire yaikulu choncho, ndipo UPS yopanda fani ikagwira maola ambiri imatentha mpaka kupsa.

Mukamaliza isiyeni itchaje usiku wonse, kenako yesaninso ndi babu kuti mukhale ndi nambala yoyambira. Ngati mumagwiritsa ntchito PowerChute, pulogalamu ya pakompyuta yoyang'anira UPS ya APC, musinthemo deti ya batire. Yakaleyo musataye kudzala, m'chimbudzi kapena kuiswa pakhomo, mtovu ndi poizoni makamaka kwa ana, ipititseni kwa ogulitsa mabatire kapena kwa ogula mabatire akale, ena amakupatsaninso kangachepe. Mu makomenti tiuzeni UPS yanu ndi ya VA zingati, mwayesera babu yanji ndipo yagwira mphindi zingati.