Mnyamata wa dzithodzitho ku sekondale: adzafikadi ku NFL?

[Chithunzi: bwalo la sukulu ya sekondale ku Texas, Lachisanu usiku, magetsi ali ngwee.]

Moni nonse okonda mpira wa ku America. Lero tisiye kaye quarterback (woponya mpira) ndi othamanga aja amene makamera amawakonda. Tikambe za anyamata asanu oima kutsogolo, a offensive line: center pakati, ma guard awiri m'mbali mwake, ndi ma tackle awiri kumapeto. Ntchito yawo ndi kutchinga adani kwa masekondi awiri kapena atatu kuti woponya mpira aponye, komanso kutsegulira njira wothamanga nawo. Funso lathu n'lakuti, mnyamata wa zaka 17 wosewera pa malo amenewa, mungadziwe bwanji ngati adzakwanitse ku koleji, mwinanso ku NFL, ligi yaikulu ya mpira umenewu?

[Pa sikirini: nyenyezi zisanu zikuwonekera imodziimodzi.]

Makampani monga 247Sports, Rivals ndi ESPN amapereka nyenyezi kwa osewera a sekondale. A 247Sports amapereka nyenyezi zisanu kwa anyamata 32 okha pachaka, mofanana ndi chiwerengero cha matimu a NFL. Nyenyezizi sizachabe ayi. Koma pa malo a anyamata akutsogolowa, olosera amaphonya kawirikawiri.

Taonani zimene zinachitika mu 2013. Woyamba kusankhidwa pa NFL Draft, mwambo umene matimu a NFL amasankhirapo osewera ochokera ku koleji, chaka chimenecho anali Eric Fisher, wotengedwa ndi Kansas City Chiefs. Ali ku sekondale anapatsidwa nyenyezi ziwiri zokha, ndipo anakasewera ku Central Michigan, sukulu yosatchuka pa mpira. Wachinayi anali Lane Johnson, wotengedwa ndi Philadelphia Eagles. Iyeyu ku sekondale ya Groveton ku Texas anali quarterback! Anafika ku yunivesite ya Oklahoma, anamuyesa malo ena awiri, kenako n'kudzamuika pa tackle.

Chifukwa chake n'chakuti thupi la mnyamata wa zaka 17 silinakhwime. Kumuyeza panthawiyi kuli ngati kuwerengera matumba a chimanga chikadali kumasula ngayaye.

[Kanema: mnyamata wamkulu thupi akugwetsa mnzake wochepa.]

Apa ndi pamene ambiri amapusitsika. Mnyamatayu akulemera makilogalamu 140, amene akulimbana naye mwina 85. Amugwetsa, anthu akuwa. Koma bwezani kanemayo pang'onopang'ono. Mutu uli pansi, msana wapindika, kulemera konse kwapita ku zala zakumapazi. Wangomugwera mnzakeyo. Ku koleji adzakumana ndi munthu wamphamvu ngati iye yemwe, wothamanga kuposa iye, amene adzangomupatukira pang'ono, iye n'kudya fumbi. Kulemera kwamubisira zofooka zake kwa zaka zitatu, ndipo palibe amene wamukonza popeza timu ikupambana.

Ine ndikamaonera, ndimayamba ndi pansi. Akanyonyomala pokonzeka kuyamba, zidendene zikutsala pansi kapena zikunyamuka? Ngati akakolo ali ouma, sangatsike bwino, ndipo pa mpira uwu amene wamulowa mnzake m'munsi ndiye amamunyamula. Kodi akupinda maondo ndi chiuno, msana uli chilili? Nanga akamabwerera chammbuyo kutchinga wothamangira quarterback, mapazi akutsetsereka mopepuka motalikirana, kapena akupingasana? Mphamvu zimapezeka ku jimu, makoleji akuluakulu ali ndi aphunzitsi ndi akatswiri a zakudya a ntchito yokhayo. Koma mapazi olemera ndi akakolo ouma, kuwasintha n'kovuta kwambiri.

Kenako manja. Ayenera kugunda pachifuwa cha mdani, zigongono zili pafupi ndi nthiti. Akamakumbatira kunja kwa mapewa, oimbira amaponya mbendera yachikasu, timu n'kubwezedwa mayadi 10.

[Pa sikirini: tepi yoyezera ikuyenda kuchokera paphewa kufika kunsonga ya chala.]

Utali wa mikono umakambidwa kwambiri, makamaka pa NFL Combine ku Indianapolis, kumene amayeza matupi ndi luso la osewera Draft isanachitike. Matimu ambiri amafuna tackle akhale ndi mikono ya mainchesi 33 kapena 34, kutanthauza masentimita 84 mpaka 86, kuti azimugwira mdani asanamufike pachifuwa. Peter Skoronski anali tackle wabwino zedi ku yunivesite ya Northwestern, koma mikono yake inali yongopitirira pang'ono mainchesi 32. A Tennessee Titans anamutenga pa nambala 11 mu 2023 n'kumuika pa guard. Will Campbell wa ku yunivesite ya LSU nayenso sanafike 33 pa Combine, komabe a New England Patriots anamutenga wachinayi mu 2025 kuti asewere tackle. Ndiye mikono ingamusunthe munthu malo, koma payokha siyimutsekera khomo.

Chinthu china chimene ndimachikhulupirira kwambiri: funsani masewera ena amene amachita. Tristan Wirfs wa ku Mount Vernon, Iowa, ali ku sekondale anali katswiri wa chigawo chonse cha Iowa pa masewera ogwetsana komanso pa kuponya chitsulo. Wogwetsana amadziwa pogwira, amadziwa kuima osagwa wina akumukoka, ndipo anazolowera kulimbana yekha popanda wobisalako. Wirfs anatengedwa ndi Tampa Bay Buccaneers pa nambala 13 mu 2020, n'kupambana Super Bowl, masewero a ndime yomaliza ya NFL, m'chaka chake choyamba.

[Kanema: masewero athunthu, chigawo chachinayi.]

Chonde musakhutire ndi kavidiyo ka mphindi zitatu kamene mnyamata waika pa Hudl, tsamba la pa intaneti la makanema a osewera. M'menemo wasankhamo zokoma zokhazokha. Pemphani masewero athunthu, makamaka olimbana ndi timu yolimba. Onani chigawo chachinayi atatopa. Onaninso zimene amachita akangopyoledwa kumene: amataya mtima, kapena amakonza? Amakankha mpaka wezulo ilire? Adani akasinthana malo mwadzidzidzi, amapatsirana bwino ndi mnzake wapambali? Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ntchitoyi imadya maola.

Mutu nawo ndi wofunika, makamaka kwa center, amene amauza anzake woti amutchinge. Jason Kelce analowa timu ya University of Cincinnati popanda thandizo la fizi, ali linebacker, wosewera wa mbali yoletsa adani kugoletsa. Anali wochepa thupi poyerekeza ndi anzake, a Eagles anamutenga ngati center m'gawo lachisanu ndi chimodzi la Draft mu 2011, koma liwiro lake ndi kuwerenga masewero zinamusunga kumeneko zaka 13. Ndipo za m'kalasi musaziiwale: NCAA, bungwe loyendetsa masewera a m'makoleji, imafuna maphunziro 16 oyikika ndi GPA (avereji ya magiredi) yosachepera 2.3 kuti mnyamata asewere mu Division I, gawo lapamwamba la makoleji, chaka chake choyamba.

Za NFL tizinena mosamala. Anyamata oposa 1 miliyoni amasewera mpira umenewu m'masekondale a ku America, koma pa Draft amasankhidwa ongopitirira 250 pachaka, malo onse pamodzi. Lamulo limatinso papite zaka zitatu chimalizire sekondale munthu asanalowe mu Draft. Ambiri a offensive line amakhala chaka choyamba ku koleji akungochita maphunziro ndi zolimbitsa thupi, chimene amati redshirt.

Choncho mutandiikira anyamata awiri, wina wa makilogalamu 145 wogwetsa aliyense koma wopinda msana, wina wa 115 wamtali, wamapewa otambalala, wamikono yaitali, wosewera basketball ndi mapazi opepuka, ine nditenga wachiwiriyo. Makilogalamu 30 otsalawo koleji imuwonjezera m'zaka ziwiri kapena zitatu, ndipo adzakhala a minofu yomangidwa mwadongosolo.